Wailesi yathu ija: a bambo akuti yaonongeka, mdzukulu wawo akuti ndi ya madala

Ndakhala ndikufuna kulemba za wailesi imene timamvera kunyumba kwathu kuno kwa Ngabu koma ndimangozengereza, lero ndiye ndalemba chifukwa dzana madzulo kunatsala pang'ono kuvuta pakhonde. Dzina la siteshoniyo sinditchula, si kampeni iyi, mungodziwa kuti ndi imodzi mwa zija amati ndi za anthu tonse, osati za munthu mmodzi wochita bizinesi yake.

Pakhomo pathu tilipo mibadwo itatu ndipo wailesi ndi imodzi, ya sola ija yokhala ndi tochi m'mbali ndi polowetsa memore, ndinagula ku Nchalo. Pali a bambo amene adutsa zaka 70, ine, mwana wamkazi wa achemwali anga wa folomu 3, ndi tiana tanga tiwiri ta kupulaimale. Ndiye ndikamanena za wailesiyi ndikunena ngati munthu amene tsiku lililonse amakhala woweruza milandu ya voliyumu.

Dzana lija zinali chonchi. A bambo anamva mphekesera kuti mnzawo wina wa kutsidya, cha ku Makhanga uko, amene ankagulitsa naye thonje kalekale, watisiya. Foni ya kumeneko siimapezeka ndiye anakhala pampando wawo wa ndalema kudikira mauthenga achisoni, wailesi ili pamwendo. Nthawi yakwana, mnyamata wa pa maikiyo akuikabe amapiano, imodzi, yachiwiri, yachitatu, uku akuyankhula pamwamba pa nyimbo kupereka moni kwa anzake a m'tauni. Kenako anawerenga uthenga uja mothamanga ngati akuthawa galu, dzina la mudzi analitchula mokhota moti a bambo sanadziwe ngati ndi mnzawo uja kapena wina, ndipo atangoti mwambo wonse uchitika mkuja, pompo pompo gugugu nyimbo ija yabwerera. A bambo anangotseka wailesi osayankhula. Mtsikana uja ndiye akuti "agogo nanunso, nyimbo yabwino iyi." Anamuyang'ana kanthawi nkuti "iwe, munthu wamwalira." Panali zii.

Tisanapite patali ndinene zabwino, chifukwa zilipo. M'mawa wailesiyi imagwira ntchito ndithu. Aliyense wa kuchigwa kuno akudziwa kuti mu Okotobala ndi Novembala ikamakwana 9 koloko dzuwa limakhala litayamba kale kuwotcha ngati pachitofu, kufika madigiri 40 si nkhani yachilendo, ndiye wofuna kulima amadzuka 4 koloko. Nthawi imeneyo pamakhala muulutsi wachikulire wa mawu ofatsa, amayamba ndi kwaya, kenako zanyengo, mitengo ya mbewu, nkhani za ng'ombe, pakati apo kanyimbo ka banjo. Sathamanga. Nambala akatchula amabwereza kawiri. A bambo amamangirira wailesi pa handulo ya njinga popita kudimba ndipo amamuyankha munthuyo ngati ali naye limodzi, mumangomva "eya, wanena zoona" ali okha mumsewu kkkk. Pamenepo palibe chodandaula, amenewo apitirize.

Vuto limayamba masana.

Kuyambira cha m'ma 12 mpaka 3 kuno palibe amene amagwira ntchito ya dzuwa, tonse timakhala pansi pa mtengo wa nimu, ena pamphasa ena pamatumba, agogo, amayi, ana obwera kusukulu, anyamata a kabaza amene akudikira kuti kuzizireko. Ndi nthawi yokhayo pa tsiku imene nyumba yonse imamvera pamodzi, ndipo ndi nthawi imene siteshoniyi inaipereka kwa ma DJ awiri oti mawu atatu alionse awiri ndi Chingerezi, kuseka nthabwala zoti akuzimva okha, kufunsa omvera kuti kodi munayamba mwagwidwapo ndi chibwenzi chanu mukucheza ndi wina pa WhatsApp. Funso limenelo likumveka ine nditakhala mphasa imodzi ndi a bambo komanso mwana wa achemwali. Mumadziwa manyazi ake? Ndimangonamizira kukatunga madzi.

Ndikudziwa chimene akuganiza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 18, ndiye aliyense woyendetsa wailesi akuthamangira achinyamata, nzomveka. MBC imene inayamba mu 1964 inaona zimenezi kale, nchifukwa chake mu 1997 anatsegula Radio 2 kuti nyimbo ndi zachinyamata zikhale ndi kwawo, Radio 1 nkumapitiriza zake. Maganizo abwino, koma amagwira bwino kumene munthu aliyense ali ndi chomvera chake m'khutu. Kumudzi kuno wailesi ndi ngati mbale ya ndiwo, imakhala imodzi pakati, manja ambiri. Siteshoni yoti ili ndi tchanelo chimodzi iyenera kudziwa kuti ola ili pamphasa pali ndani.

Ndipo chimene chimandinyasa kwambiri, ngakhale achinyamata amene akuwathamangirawo sakuwathandiza. Akuganiza kuti mwana wa zaka 17 ndi makutu a dansi basi. Koma nyimbo mtsikana wathuyu ali nazo kale, amapita kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika, memore imadzadza, zatsopano amazidziwa DJ uja asanazidziwe. Wailesi ikamapikisana ndi memore iluza basi, memore siyankhula pamwamba pa nyimbo. Zimene memore singamupatse nzimene amandifunsa ine usiku: amalume, ndikalephera MSCE ndingabwereze bwanji, maphunziro a TEVETA amalowa bwanji, mnzanga akumukakamiza kukwatiwa angakanene kuti. Anyamata anzake ena ali pa kabaza, ena amadikira nyengo yodula nzimbe ku Nchalo, ena mtima uli ku Joni osadziwa ngakhale kuti pasipoti amayambira pati. Pulogalamu ya achinyamata ya maola atatu yathunthu palibe ngakhale mphindi 15 zoti abwere munthu wodziwa ayankhe mafunso amenewa. Chimene chilipo chambiri ndi malonda a kubetcha mpira. Tiana tanga tiwiri timaimba kanyimbo ka malonda a kubetcha kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaphonya, koma tiuzeni tinene nthano imodzi ya kalulu, tingokuyang'anani. Za ana pa siteshoniyi kulibiretu, ndipo sindiwonjezerapo chifukwa palibe choti ndiunike.

Akuluakulu nawo akuwalakwira mwanjira ina. Kwa aulutsi amenewa munthu akadutsa zaka 60 ndiye kuti amangofuna nyimbo za kutchalitchi, za feteleza ndi za maliro, ngati akungodikira tsiku. A bambo anga anavinapo inu! Ikalira rumba yakale kapena simanjemanje phazi limayamba lokha kugunda pansi, ndipo amayamba kufotokoza za madansi a nthawi yogulitsa thonje pamene ndalama inali m'thumba. Nanga zathu za konkuno, valimba, utse, likhuba, zimamveka liti? Kamodzi pa sabata, theka la ola, usiku anthu atagona, ndipo muulutsi wake amazitchula ngati zinthu za ku myuziyamu. Chonsecho ku ukwati kuno valimba ikalira amene amayamba kudumphira m'bwalo ndi anyamata omwewo a amapiano.

Nkhani yoti achinyamata sakonda zakale ndi bodza la anthu aulesi posankha nyimbo. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi nkuimba ndi a Giddes Chalamanda, agogo a zaka 90 nthawi imeneyo, ndipo amene anaifalitsa nyimboyo mpaka kunja kwa dziko pa TikTok anali ana omwewa. Pakhomo pathu inali nyimbo yokhayo imene palibe anakhudza voliyumu. Ndiye DJ wodziwa ntchito masana aja akanamasakaniza, iyi yatsopano, iyi yakale, nkunenako mawu awiri kuti anaimba ndani, chaka chiti, ankatanthauza chani, agogo nkumawonjezera zawo pamphasa. Sizifuna ndalama zimenezo, zimangofuna munthu wokonzekera asanalowe mu situdiyo.

Za kuimba foni ndiye zina. Oimba ndi omwewo omwewo tsiku ndi tsiku, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi oti mayunitsi sawathera, mpaka mawu awo tinawaloweza. Tsiku lina anaimba munthu wachikulire, mawu ake mumachita kumva kuti ndi gogo, anayamba bwinobwino mwaulemu wa kwathu, kupereka moni, kufunsa ngati adzuka bwino kumeneko, asanafike pa nkhani yake mnyamata uja akuti "madala fulumirani nthawi", kenako thii wadula. Madala! Munthu woti mwina wagulitsa nkhuku kuti apeze mayunitsi amenewo. Kunena kuti a bambo kapena agogo kumatenga masekondi angati? Amayi ndiye samveka nkomwe, ola loimba foni analiika nthawi imene iwo ali pamoto.

Chiyankhulo nachonso. A bambo amakumbutsa kuti kuyambira 1968 pa wailesi pankamveka Chichewa ndi Chingerezi basi, ziyankhulo zina ngati Chisena zinadzalowa zipani zambiri zitabwera, ndipo amati tsiku loyamba kumva nkhani m'Chisena anaitana anthu oyandikana nawo. Siteshoni yathuyi Chisena ilinacho koma chochepa, ndipo imachiika ngati cha okalamba okha, pamene ana a ku Nsanje ndi Bangula amachezera chomwecho pa bolo. Pulogalamu ya achinyamata ya m'Chisena kapena Chimang'anja chenicheni bwenzi ikuphulika kuno. Ndipo chonde, munthu asanawerenge uthenga wa kuchigwa afunseko katchulidwe ka maina a midzi ndi mafumu athu.

Koma pali chimodzi chimene chimandiletsa kuitaya wailesiyi, ndipo nchokhudza mnyamata yemwe uja ndikumudandaulayu. Mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, magetsi kunalibe, netiweki inkabwera nkupita, msewu utaduka, mvula ikungogwa usana ndi usiku osapuma. Tinali titaunjikana m'chipinda chimodzi chimene sichimadontha, kawailesi kali pa ndowa yovundikira, batire tikuisunga ngati mchere, kutsegula pang'ono nkutseka. Pa maiki panali iyeyo. Chingerezi chija chinathawa, nthabwala zija kunalibe, ankawerenga machenjezo a zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pang'onopang'ono, kutchula mitsinje ya Shire, Ruo, Mwanza, kuuza anthu a m'mphepete kuti asamukire kumtunda asadikire kuona madzi pakhomo, akamaliza m'Chichewa nkubwereza m'Chisena chake chothyokathyoka. Pakati ankaika nyimbo zofatsa, zakale ndi zatsopano zomwe, ndipo palibe anafunsa kuti iyi ndi ya m'badwo uti. Mtsikana uja anali atatsamira mwendo wa agogo ake. A bambo anati "mwana uyu ali ndi nzeru, takhuta," ndiye zikomo wa m'Chisena ameneyo. Ndiye mnyamatayu amatha, si kuti sadziwa. Masiku wamba pali amene anamuuza kuti kukhala wachinyamata pa wailesi ndi kukuwa, ndipo palibe wamkulu amene amakhala naye pansi. Bwanji osawaphatikiza masana aja, wachikulire wa m'mawa uja ndi iyeyu, situdiyo imodzi, azitsutsana za nyimbo monga amachitira agogo ndi mdzukulu pakhonde pathu? Ine ndiye ndingamvere, ndipo sindingapitenso kukatunga madzi onamizira.

Kamvekedwe kali bwino masana, usiku nthawi zina imachita phokoso mpaka tinamangirira waya kudenga. Pa 10 ndiwapatsa 6, ndipo mwa 6 ameneyo 4 ndi wa m'mawa ndi wa Freddy.

Uthenga uja unalidi wa mnzawo, tinatsimikiza dzulo foni itagwira. Lero m'mamawa a bambo akwera minibasi ya ku Bangula kuti akaoloke pa boti pa Mtayamoyo, avala jekete lawo la maliro kutentha konseku, ndipo wailesi imene anati yaonongeka ija aiika mu jumbo atenga. Panopa ndi 1 koloko, tili pansi pa nimu, kuli zii, mtsikana uja wandifunsa kale kawiri kuti amalume kodi agogo abwera liti.