Progesterone pa mimba ya mapasa: jakisoni kapena kapisozi woika kunjira yoberekera?

Mapasa ambiri, oposa theka, amabadwa masabata 37 asanakwane. N'chifukwa chake mayi akangouzidwa kusikelo kuti m'mimba muli awiri, amayamba kufunsa za mankhwala ogwira mimba. Dzina lomwe mudzamve kwambiri ndi progesterone, homoni yomwe thupi limapanga lokha kuti chiberekero chisayambe kuvutitsa nthawi isanakwane. Imaperekedwa m'njira ziwiri zikuluzikulu, ndipo ziwirizi sizili pa mulingo umodzi ayi.

Jakisoniyo, wotchedwa 17-OHPC kapena Makena ku America, amabayidwa m'thako kamodzi pa sabata, mamiligalamu 250. Anatchuka mu 2003 kwa amayi oyembekezera mwana mmodzi amene anaberekapo masiku osakwana. Koma atamuyesa pa mapasa mu 2007, sanasinthe chilichonse. Kafukufuku wa PROLONG wa 2019 anaonetsa kuti ngakhale kwa a mwana mmodzi sathandiza, ndipo mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linamuchotsa pamsika. Ndiye wina akakuuzani kuti mubaitse sabata ndi sabata chifukwa muli ndi mapasa, funsani kaye kuti jakisoniyo ndi wa chiyani. Kupweteka kwa thako ndi ndalama zokha ndizo mungapeze.

Nkhani ya kapisozi woika kunjira yoberekera, monga Utrogestan kapena Cyclogest, ndi yokhotakhota pang'ono. Akawapatsa amayi onse a mapasa mosasankha, nawonso sagwira ntchito. Anayesa progesterone yoika kunjira yoberekera ku Britain mu kafukufuku wa STOPPIT wa 2009, anayesanso ku Denmark ndi Austria mu 2011, mpaka ena anakweza mlingo kufika mamiligalamu 600 patsiku kuyambira mwezi wachitatu. Ana anabadwabe msanga chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chomveka: chiberekero chonyamula awiri chimatambasuka kwambiri, ndipo homoni singachepetse katunduyo.

Pomwe pali chiyembekezo ndi kwa mayi amene khomo la chiberekero chake lafupika. Khomoli amaliyeza ndi sikani yolowetsa kunjira yoberekera, osati ija yapamimba yomwe tinazolowera. Likapezeka kuti ndi mamilimita 25 kapena kucheperapo pakati pa mimba, kapisoziyu angachepetse ngozi yobereka masiku akadali kutali kwambiri. Umboni wake ndi wa amayi ochepa, ndipo kafukufuku wina wa ku Egypt amene anthu ankadalira anachotsedwa chifukwa chokayikitsa. Komabe bungwe lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain la NICE, mu 2024, linalangiza kuti amayi a mapasa aziyezedwa khomo, ndipo lalifupilo azipatsidwa mamiligalamu 200 usiku uliwonse pogona mpaka masabata 34. Za jakisoni linati ayi. Kapisoziyu savuta kuika nokha kunyumba, kungoti amatulutsa chikazi chambiri, moti kansalu n'kofunika.

Kwa ine, chosankha si jakisoni kapena kapisozi, koma kuyezetsa khomo. Kwathu kuno sikani yotereyi sipezeka pachipatala chilichonse, choncho funsani azamba kuti mungaipeze kuti mimba isanapitirire masabata 24. Kugula nokha mankhwala ku famase osayezetsa n'kuponya mwala m'phanga. Mapiritsi akumwa monga Duphaston nawonso alibe umboni wodalirika woti amateteza mapasa kubadwa msanga.

Nanga njira zina? Kugonekedwa pabedi, komwe azakhali amakonda kulimbikitsa, kunayesedwa pa amayi a mapasa ku Harare m'zaka za m'ma 1980 ndipo sikunatalikitse mimba. Kamphete koika pakhomo la chiberekero kanalephera mu kafukufuku wa STOPPIT-2. Kusoka khomo sikwa mapasa onse. Madokotala amakuganizira makamaka khomo likayamba kutseguka lokha mimba ili yaing'ono.

Pali jakisoni wina amene musamukane pomusokoneza ndi uja wa progesterone: dexamethasone. Ameneyu sagwira mimba, ntchito yake n'kukhwimitsa mapapo a ana matenda akayamba pakati pa masabata 24 ndi 34, ndipo amabayidwa kanayi, maola 12 aliwonse. Msana ukayamba kuwawa modukizadukiza, madzi kapena magazi akaoneka, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala chomwe chili ndi chipinda cha ana obadwa masiku osakwana, kuti jakisoniyo apeze nthawi yogwira ntchito.