Kung'amba matabwa a mabokosi: bandsaw, sowa yozungulira kapena macheka?

Ukanena za mabokosi ku Mchesi anthu amathamangira kuganiza za maliro. Ine ndikunena timabokosi tosungiramo ndolo, mikanda kapena zikalata, tomwe mbali zake zimafuna thabwa lopyapyala, mamilimita 10 basi. Thabwa lotere pamsika sulipeza. Umagula la mainchesi awiri, kuliimika chammbali n'kuling'amba wekha.

Akalipentala ambiri mu Lilongwe muno amathamangira ku sowa yozungulira ya patebulo chifukwa ndi yomwe ili ponseponse. Imadula mowongoka, ndipo nkhope ya thabwa imatuluka yosalala, kupala kwake kochepa. Koma ndi yadyera. Chimbale chake chimadya mamilimita atatu paliponse pomwe chadutsa. Komanso chimbale cha mainchesi 10 chimangofika pafupifupi mamilimita 75, ndiye thabwa lotambalala umalicheka mbali imodzi, kulitembenuza, kucheka inayo, uku ukupemphera kuti mizere ikumane pakati. Thabwa likapana chimbale limabwerera kwa iwe ngati mwala wa legeni, ndipo zala zimakhala zili pafupi.

Bandsaw, makina ocheka ndi lamba wachitsulo wa mano wozungulira pa mawilo awiri, imadya pafupifupi milimita imodzi. Tiwerengere limodzi. Thabwa la mainchesi awiri lija, la mamilimita 50, ukalicheka katatu pa bandsaw wataya atatu okha, watsala ndi zidutswa zinayi zopitirira 11 chilichonse, zokwanira kupala. Pa sowa yozungulira wataya 9, zidutswazo zangopitirira 10 pang'ono usanapale n'komwe, ndiye umakakamizika kutulutsa zitatu. Likakhala paini wa ku Chikangawa sudandaula. Koma mlombwa kapena mbawa, momwe yakwerera mitengomu, chidutswa chachinayicho ndi chivindikiro chathunthu chomwe chasanduka utuchi. Ndipo popeza pa bandsaw pakati patayika pang'ono, zidutswa ziwiri zoyandikana ukazitsegula ngati buku, mizere ya mlombwa imayang'anizana ngati mapasa. Wogula amaona chimenecho asanafunse mtengo.

Komatu bandsaw ili ndi makani ake. Lamba wopyapyala wa mano ambiri, uja wokhotetsera miyendo ya mipando, pano sagwira. Pamafunika wotambalala, mamilimita 12 kapena kuposa, wa mano atatu pa inchi, kuti utuchi uzituluka. Akabuntha kapena akakhala wosakungika bwino amasochera mkati mwa thabwa. Kunja mzere ukuoneka bwinobwino, ukatsegula upeza mimba. Fensi, chotsamiritsapo thabwa pocheka, ikhale yaitali, thabwa ulikankhe mofatsa, makina akayamba kulira mwachilendo usawakakamize. Ma bandsaw ang'onoang'ono ambiri a mainchesi 14 amalandira thabwa losapitirira mamilimita 150, zomwe pa timabokositi n'zokwanira.

Macheka a manja? Magetsi akazima ndi okhawo otsala, koma pa mlombwa udzatuluka thukuta tsiku lonse pa bokosi limodzi. Ine ndimawatenga pomalizitsa kamsana kotsala pakati, sowa yozungulira ikadutsa mbali zonse ziwiri.

Pa paini ndimapita ku sowa yozungulira osaganiza kawiri. Pa mlombwa ndi mbawa ndimalolera kunyamula thabwa pa kabaza kukalipira kwa mwini bandsaw. Ndikabwerako sindilumikiza tsiku lomwelo. Matabwa ambiri omwe timagula amakhala ouma kunja kokha, ndiye ndimasanja zidutswazo pa timitengo mumthunzi, mwala pamwamba, masiku angapo, kuti zomwe zikufuna kupindika zipindike ndisanazipale.