Sienta, Freed kapena Noah: mipando 7 siifanana

Bambo wa ana atatu kapena anayi, amenenso amanyamula agogo kapena alamu apo ndi apo, akamafuna galimoto yochokera ku Japan nthawi zambiri amathera pa mayina atatu: Toyota Sienta, Honda Freed ndi Toyota Noah. Voxy ndi Noah yomweyo, angosiyana nkhope ndi nyali, choncho zonenedwa za Noah zikukhudzanso Voxy. Onsewa ali ndi zitseko zotsetsereka m'mbali ndiponso mizere itatu ya mipando, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti onse amanyamula anthu 7. Sakunama, koma funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti mzere wachitatuwo muzikhala ndani, kangati pa mlungu.

Sienta yoyamba, yopangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, ndi yotalika mamita 4.1 okha. Mipando yake iwiri yakumbuyo ndi yopyapyala, ndipo anaipanga kuti izipindika n'kubisala pansi pa mipando yapakati. Ikabisala, buti imakula moti matumba angapo a chimanga amalowa bwinobwino. Mukaitulutsa, kumbuyo kumatsala malo a zikwama ziwiri za sukulu, basi. Ndiye Sienta ndi galimoto ya anthu asanu yokhala ndi mipando iwiri ya alendo. Munthu wamkulu angapirire pamenepo kuchoka kunyumba kukafika kutchalitchi, osati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu. Sienta yachiwiri, ya 2015 mpaka 2022, anaitalikitsa pang'ono ndipo mipando yakumbuyo anaikonzako, koma khalidwe lake ndi lomwelo.

Freed yoyamba, ya 2008 mpaka 2016, ndi mamita 4.2. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma mipando yake yakumbuyo ndi yokhuthala, yoti mnyamata wa ku sekondale amakhalapo osapinda mawondo mpaka pachifuwa. Mtengo wa ubwino umenewu ndi wakuti mipandoyi siibisala pansi. Imapindikira m'mbali n'kukolekedwa, kotero imadya malo a katundu m'lifupi ndi kutseka mawindo akumbuyo. Ma Freed ena pakati ali ndi mipando iwiri yotalikirana m'malo mwa benchi. Kwa banja la ana aang'ono zimenezi n'zothandiza kwambiri: mipando ya ana ikamangidwa pakatipo, wopita kumbuyo amangodutsa pampata, simumasula kanthu.

Noah ndi nkhani ina. Mamita 4.6, denga lalitali, mizere yonse itatu ya akuluakulu, ndipo kumbuyo kumatsalabe malo a masutikesi. Ngati pakhomo muli anthu 6 kapena 7 oyenda limodzi tsiku ndi tsiku, musadzivute ndi ziwiri zinazo.

Chinthu china chimene ambiri saganizira: m'galimoto zazifupizi, mutu wa wokhala mzere wachitatu umakhala pafupi kwambiri ndi galasi lakumbuyo. Minibasi ikakugundani kumbuyo, amene ali pamenepo ndiye woyamba kuvulala. Ana aang'onoang'ono malo awo ndi pakati.

Injini, mafuta ndi giya

Sienta ndi Freed zonse zili ndi injini ya 1.5. Ya Sienta yoyamba ndi 1NZ-FE, yomweyo ya Probox, Corolla Axio ndi Ractis, ndipo palibe makaniko m'dziko muno amene sanaitsegulepo. Freed ili ndi L15A, yofanana ndi ya Honda Fit ya 1.5. Ndi injini yolimba, imakoka mwachangu kuposa ya Sienta, koma masipeya ake sapezeka paliponse. Mumzinda mudzawapeza. Mukafera pa Jenda kapena pa Nchalo, mudikira kuti wina akutumizireni pa basi. Sienta ili ndi mwayi woti yadzaza m'misewu monga takisi, choncho mashoki, mabushi, nyali ndi magalasi ake amagulitsidwa ngakhale pa maboma ang'onoang'ono. Mbali ina ya mwayi womwewo ndi yakuti Sienta yogula kwa munthu kuno iyenera kuyang'anidwa kawiri: yambiri inagwirapo ntchito yonyamula anthu khumi pamipando 7.

Pa Noah samalani ndi chaka. Ya 2001 mpaka 2007 ili ndi injini ya 1AZ-FSE, imene amakaniko amangoti D4. Imapopera petulo mwachindunji m'masilinda pogwiritsa ntchito pampu yamphamvu kwambiri, ndipo ikakalamba mwaye umaunjikana m'njira za mpweya, galimoto n'kumazima poima kapena kunjenjemera. Kukonza kwake kumafuna munthu woidziwa, osati wongoyerekeza. Ya 2007 mpaka 2014 ili ndi 3ZR, yabwinopo kwambiri. Pali 3ZR-FE yosavuta ndi 3ZR-FAE yokhala ndi Valvematic, njira yosinthira katsegukidwe ka mavavu a mpweya. Kachipangizo koyendetsa Valvematic kali pamutu pa injini, ndipo kakafa nyali ya injini imayaka, mphamvu n'kutha. Oyilo wakuda wosasinthidwa pa nthawi yake amafulumizitsa vutoli. Injini zonsezi zimayendera tcheni, osati lamba, ndiye palibe zosintha lamba wa timing, koma tcheni nayo imadalira oyilo woyera. Posintha oyilo ndi fyuluta, Sienta ndi Freed zimamwa malita osakwana 4, Noah ya 3ZR malita 4 ndi pang'ono. M'fumbi lathuli makilomita 5,000 ndi malire abwino.

Pa mafuta, yembekezerani makilomita 11 mpaka 13 pa lita m'tauni kwa Sienta kapena Freed ili bwino, ndi 8 mpaka 10 kwa Noah. Pa ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa, makilomita 300 ndi pang'ono, kusiyana kumakhala malita 5 kapena 6. Thanki ya Sienta ndi Freed ndi malita 42, ya Noah ya 2007 ndi 60, kotero mtunda woyenda ndi thanki yodzaza umangofanana. Kusiyana kuli m'thumba. Koma dziwaninso kuti injini ya 1.5 itanyamula anthu 7 ndi katundu pachitunda cha Chiweta imakuwa, ndipo kupitirira thiraki kumafuna msewu wautali wopanda kanthu. Noah siivutika choncho.

Giya ndi pamene mabanja ambiri amaluzira ndalama. Pafupifupi magalimoto onsewa ali ndi CVT, giya yoyendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. Siifuna ATF wamba, mafuta a giya ya otomatiki. Ya Toyota imafuna CVT Fluid TC, ndipo zatsopanoko zimafuna FE. Freed yoyamba imafuna HMMF, yachiwiri HCF-2. Mukathira mafuta olakwika lamba amayamba kuterereka, amapala mapule, ndipo pofika poti mwamva kulira kwachilendo kapena kuchedwa kugwira mukaika pa D, giyayo yatha kale. Sinthani mafuta ake galimoto ikangofika, chifukwa simudziwa kuti mwini wake woyamba anasintha liti, kenako pa makilomita 40,000 alionse. CVT imadananso ndi kukoka ngolo ndi kupalasa matayala m'matope kwa nthawi yaitali, chifukwa mafuta amatentha. Amene sakufuna CVT n'komwe ali ndi pothawira: Sienta yoyamba ya 4WD ili ndi giya ya otomatiki wamba ya magiya 4, Freed yoyamba ya 4WD ya magiya 5. Zimamwa mafuta ochulukirapo.

Za hybrid, zoyendera petulo ndi magetsi, mwachidule. Ya Toyota, mu Sienta yachiwiri ndi Noah ya 2014 kupita m'tsogolo, ndi yodalirika malinga musatseke pamene batire imakokera mpweya ndipo muzichotsa fumbi pa fani yake. Freed hybrid ya 2016 ili ndi giya ya makilatchi awiri imene imatentha mukamakwawa pamzere wa magalimoto, makamaka pokwera. Pa Freed ya chaka chimenecho, ya petulo yokha ndiyo yosadetsa nkhawa. Nissan Serena imakopa chifukwa imatsika mtengo kuposa Noah pa kukula kofanana, koma CVT yake siipirira nkhanza, ndipo pogulitsa mudzaimva.

Zosintha galimoto ikafika

Magalimoto awa anawapangira misewu ya ku Japan. Sienta ili ndi mpata wa masentimita 14 kapena 15 kuchoka pansi, Noah cha m'ma 16. Noah ndi yokwererapo, koma matayala ake akutsogolo ndi akumbuyo ndi otalikirana, ndiye ikadzaza imakhuza mimba pa mahampu. Voxy ZS ndi Noah Si zili ndi mabampala otsika okongoletsera. Pa phula zimaoneka bwino, koma ulendo woyamba wa kumudzi nyengo ya mvula bampalayo mubwera nayo m'buti.

Ndalama yoyamba ipite ku matayala. Galimoto zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo yachisanu, ofewa, okhala ndi timizere tambirimbiri. Pa phula lotentha amatha msanga ndipo amatalikitsa mtunda woimira. Onaninso manambala anayi a m'mbali mwa tayala: 2318 akutanthauza mlungu wa 23 m'chaka cha 2018. Tayala lopitirira zaka 6 lichoke ngakhale mapanga ake akuoneka. Posintha mungakweze galimoto pang'ono. Sienta yoyamba imabwera ndi 175/70R14, ndipo 185/70R14 imaikweza mamilimita 7. Yachiwiri, kuchoka pa 185/60R15 kupita pa 185/65R15, imakwera mamilimita 9, koma sipidomita ikamati 100 mukhala mukuthamanga 103, ndipo apolisi a kamera sadzamva zoti munasintha matayala. Noah ingachoke pa 195/65R15 kupita pa 205/65R15. Mukatero khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, galimoto itanyamula, muone ngati tayala silikukhuza. Marimu a 17 kapena 18 okhala ndi matayala opyapyala ndi kutaya ndalama: dzenje limodzi la pa M1 limapinda rimu ndi kutupitsa tayala.

Kukweza ndi masipesa, tizidutswa toika pamwamba pa mashoki kapena masipiring'i, n'kotheka, koma musapitirire mamilimita 20 mpaka 30. Kupitirira apo ma CV joint, mfundo za zitsulo zozunguza matayala, amagwira ntchito atapendekera, mphira zake zimang'ambika, girizi amatuluka, fumbi limalowa, ndipo posakhalitsa mumva kugogoda pokhota. Galimoto yaitali ngati Noah imayambanso kuyepa pakona. Mukakweza, alayimenti ipangidwe tsiku lomwelo. Ngati kumbuyo kokha ndiko kumakhala pansi mukanyamula, vuto ndi masipiring'i otopa ndi mashoki akufa, ndipo sipesa siichiza zimenezo. Chitsulo chotchinga pansi pa injini, chokhuthala mamilimita 3, n'chofunika kwa oyenda m'misewu ya miyala, chifukwa sampu ya injini ndi ya CVT zili poyera. Owotcherera asiye bowo lotulutsira oyilo ndi mipata ya mpweya, ndipo achimange ndi mabawuti kuti chizichoka.

Ma Sienta ndi ma Freed ambiri atsopanoko alibe tayala la sipeya, amangobwera ndi kabotolo ka guluu ndi kapampu. Guluuyo amatseka bowo la msomali, osati tayala long'ambika m'mbali. Gulani rimu ndi tayala lathunthu, jeke ndi sipanala, ndipo tayalalo limangidwe zolimba m'buti. Apa Sienta imakupanikizani: sipeya ikalowa, mzere wachitatu ukatsegulidwa, katundu alibe malo. Kaliyala wa padenga amathandiza, koma ndi wa zikwama, matiresi ndi zofunda. Musapitirire makilogalamu 50 kuphatikiza kaliyalayo, ndiye thumba lathunthu la chimanga malo ake ndi pansi m'buti.

Mipando ya ana. Lowetsani dzanja pakati pa chokhalira ndi chotsamira cha mipando yapakati: mukakhudza tizitsulo tiwiri mbali iliyonse, galimotoyo ili ndi ISOFIX, ndipo mpando wa mwana umangokoleka pamenepo. Ku Japan zimenezi zinakhala lamulo pa magalimoto atsopano kuyambira 2012, ngakhale ambiri akale ali nazo. Popanda ISOFIX mpando umamangidwa ndi lamba, ndipo ukagwedezeka kupitirira zala ziwiri ndiye kuti sunamangike. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo pamene pali airbag. Mu Sienta ndi Freed mipando iwiri ya ana imadzaza mzere wapakati, wachitatu salowapo. Banja la ana atatu osapitirira zaka 6 lalowa kale m'gulu la Noah.

Zitseko zotsetsereka zamagetsi zimakokedwa ndi kawaya kachitsulo. Mchenga ukadzaza munjanji, mota imalimbana nawo mpaka kawayako kuduka. Pukutani njanji zitatu zonse ndi kansalu, pakani girizi pang'ono pa timawilo tokha, ndipo pafupi ndi chiwongolero pali batani lozimitsira magetsi a zitseko ngati ana akuseweretsa. Kaloko koletsa mwana kutsegula ali mkati kali m'mphepete mwa chitseko. Mipando ya nsalu ivekeni zovundikira zochapika, koma ngati m'mbali mwa mpando mwalembedwa SRS, kusonyeza kuti muli airbag, chovundikiracho chisatseke pamenepo. Wailesi ya ku Japan nthawi zambiri imathera pa 90 MHz, pomwe mawailesi athu ambiri ali pamwamba pake. Kachipangizo kowonjezera mafunde n'kotchipa, koma kusintha wailesi yonse n'kuikapo kamera yobwerera m'mbuyo ndi kwanzeru, makamaka pa Noah, imene mwana woima kuseri kwake saoneka pagalasi.

Poitanitsa, pemphani pepala la okushoni, losonyeza giredi ndi mmene galimoto ilili. Giredi 4 kapena 3.5 ndi yabwino, R kapena RA ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Onani zithunzi za pansi, chifukwa za kumadera a chipale chofewa zimadyedwa ndi dzimbiri la mchere wothira m'misewu. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho Noah ya 2.0 imalipira wochuluka kuposa za 1.5, ndipo yakale yotchipa ku Japan ingakudabwitseni ikafika pa Songwe. Funsani chiwerengero cha msonkho musanatumize ndalama.

Kwa banja la ana awiri kapena atatu, lokhala kutali ndi mzinda kapena loyenda kumudzi pafupipafupi, Sienta ya 1NZ ndiyo yosavuta kusamala ndi kugulitsanso. Freed ndi ya banja la m'tauni limene mzere wachitatu umakhala ndi munthu masiku ambiri koma mafuta a Noah angalilemere, bola makaniko wodziwa Honda akhale pafupi. Noah ya 2007 kupita m'tsogolo ndi ya anthu 6 kapena kuposa ndi maulendo ataliatali. Pa iliyonse, patulani ndalama ya matayala asanu, mafuta a CVT, oyilo ndi mashoki akumbuyo musanawerengere za wailesi.