WaterGuard kapena paketi ya P&G: kampani igule chiyani pothandiza m'misasa?

Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, kolera anali atafala kale, anthu a ku Chilobwe, Phalombe ndi Nsanje ali thithithi m'masukulu. Pa nthawi ngati imeneyi makampani amathamangira ufa ndi mabulangete, madzi akumwa n'kuwaiwala.

WaterGuard, yemwe ndi mankhwala a klorini ophera tizilombo m'madzi, ndi wotchipa komanso wosavuta: kachivindikiro kamodzi mu ndowa ya malita 20, n'kudikira mphindi 30. Pa madzi a pamjigo amagwira bwino. Koma pa madzi ofiira a m'dambo, klorini amathera pa litsiro. Apa yabwino ndi paketi ya ufa woyeretsa madzi wa P&G Purifier of Water, imodzi pa malita 10. Takasani mphindi 5, matope adikhe, sefani pa nsalu yoyera, mudikirenso mphindi 20. Vuto lake imafuna ndowa ziwiri, ndipo mukatakasa mwaulesi madzi sayera.

Choncho musagule mankhwala okha. Banja lililonse lilandire ndowa zovindikira, makamaka zampopi, poti kuviika kapu kumadetsanso madziwo. Onani tsiku lotha ntchito musanalipire, mabotolo asakhale padzuwa. Pogawa dzerani kwa DC ndi DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), ndipo alangizi azaumoyo aonetse anthu kathiridwe kake pamsasa pomwepo.