Kufunira mwana malo a Fomu 1: zimene ndinaona m'maofesi a sukulu za pulayiveti ku Blantyre

Makolo tikamasakira ana sekondale timafunsana zofanana: sukulu yakuti imakhoza bwanji, fizi ndi zingati, ana amadya chiyani. Za ofesi yolembera ana sindinamvepo munthu akufunsa, chonsecho m'menemo ndi momwe ndalama yako yoyamba imalowera, ndiponso ndi momwe umaonera khalidwe la eni sukulu usanawasiyire mwana. Mwa maofesi amene ndinapondamo muno mu Blantyre, imodzi yokha ndi imene ndingatumizeko mnzanga mtima uli m'malo. Maina a sukulu sinditchula poti mwana wanga akadali pa imodzi mwa izo, koma zimene ndinaona ndinena momwe zinalili.

Ine ndimagulitsa zitenje ku Limbe, ndimakhala ku Bangwe. Chisamba changa ndi mtsikana. Anakhoza PSLCE mu 2024, koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa osankhidwa, kaya ku national, ku sekondale yogonera ya boma, ngakhale ku CDSS. Nkhani imeneyi si yachilendo. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, ana ofika Sitandade 8 anachuluka kwambiri pomwe malo m'masekondale a boma sanakule mofanana, ndiye chaka ndi chaka pamakhala ana ambirimbiri okhoza koma osowa kolowera. Kuwonjezera apo, zotsatira za MANEB zimatuluka kutangotsala masabata ochepa kuti sukulu zitsegulidwe mu Seputembala. Kholo umayenda mtima uli m'mwamba, ndipo a m'maofesi ena amadziwa bwino lomwe kuti munthu wothamanga safunsa zambiri.

Ndinayambira pa sukulu ina yotchuka, ya mpanda wautali wa njerwa. Pa geti anapachika chinsalu chachikulu cholembedwa kuti ana onse anakhoza MSCE, 100%, pambali pake zithunzi za ana amene anapeza mapointi otsika. Ofesi yake ndi yokongola ndithu, ya matailosi, fani ndi mipando ya wofuwofu. Pa desiki panali mtsikana, maso ali pa foni. Ndinamupatsa moni, iye n'kuyankha m'Chingerezi osadzutsa mutu. Ndinapitiriza m'Chichewa kuti, "Madamu, ndabwera kudzafunsa za malo a Fomu 1, mungandionetseko pepala la fizi?" Anati fomu ndi K25,000, sibwezedwa, ndipo pepala la fizi amapereka kwa okhawo amene ana awo akhoza mayeso olowera. Ndinafunsa kuti nanga ndilipira bwanji fomu ndisanadziwe ngati fiziyo ndingaikwanitse. Anangoti, "Amayi, malo atsala ochepa, mukachedwa muwapeza atatha."

Tili mkati molankhula munalowa bambo wina, makiyi a galimoto ali m'manja. Mtsikana uja anaimirira, kumwetulira, kuwakokera mpando, n'kutulutsa m'dirowa pepala lomwe lija anandikaniza ine. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinaganiza za mwana wanga atalowa mu ofesi yomweyo tsiku lina, fizi itachedwa, akufuna kufotokoza vuto lake.

Fomuyo ndinalipirabe poti masiku anali atatha. Tsiku la mayeso olowera anatiuza kufika 7 koloko m'mawa, koma ana anayamba kulemba dzuwa lili paliwombo, ena atakhala pa mabenchi a m'holo, pepala lili pa bondo. Makolo tinali panja pa geti, popanda pokhala, popanda chimbudzi choti tilowe. Patapita masiku angapo mndandanda unabwera pa WhatsApp, ndipo aliyense amene ndinacheza naye pa geti paja mwana wake anali atakhoza. Apo mpamene ndinayamba kukayika ngati mayesowo anali osankhira ana kapena ongotolerera ndalama za mafomu. Kalata yotipatsa malo inati tilipire theka la fizi pasanathe masiku 5, apo ayi malo apita kwa wina, ndipo ndalamayo sibwezedwa ngakhale mwana atatengedwa pa second selection ya boma.

Kuseri kwa kalatayo ndiko kunali nkhani. Fizi inalembedwa K780,000 pa teremu. Pansi pake panali ndalama ya chitukuko, ya kompyuta, ya chipatala, ya mayeso a pa teremu, ya jenereta, yunifomu yogula pasukulu pomwepo basi, ndi marimu awiri a mapepala mwana aliyense. Titawonkhetsa ndi bambo akunyumba usiku, zinadutsa miliyoni. Sindikudandaula kuti sukulu imalipiritsa zimenezi, tonse tikudziwa mtengo wa dizilo ndi wa thumba la nyemba. Chimene ndimadana nacho n'kubisa. Amadikira kuti kholo lilowetse kaye ndalama, mtima ukhazikike kuti mwana wapeza malo, mwana naye auze kale anzake ku tchalitchi, kenako ndiye n'kutulutsa mtengo weniweni, podziwa kuti apa kubwerera m'mbuyo n'kovuta.

Za 100% ija ndinafunsanso tsiku lokatenga kalata. Funso langa linali losavuta: ana amene anayamba Fomu 3 anali angati, ndipo amene analemba MSCE pa dzina la sukuluyi anali angati? Mtsikanayo anati zimenezo ndi za a hedi, ndipo a hedi ali pa miting'i. Funsoli anandiphunzitsa ndi alamu anga, amene ndi mphunzitsi wa sekondale. Iwo amati sukulu zina zimasefa ana mayeso asanafike. Wofooka amauzidwa kuti abwereze kalasi, kapena akalembetse kwina ngati external, kuti pa chinsalu patsale okhoza okhaokha. Komanso kukhoza MSCE ndi kupita ku yunivesite n'zosiyana. Mwana atha kutenga satifiketi ali ndi kirediti imodzi yokha, pomwe mayunivesite a boma amafuna makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Chinsalu chija sichinena kuti ndi ana angati amene anapeza mapointi oti n'kupita nawo patsogolo.

Yachiwiri sindichedwapo. Inali nyumba yogonamo anthu imene anaisandutsa sukulu, ofesi ili pabalaza. Bambo wa pamenepo anandilandira bwino zedi, mpaka kunditsitsira fizi ndisanapemphe. Nditafunsa satifiketi ya ku Unduna wa Zamaphunziro ndi nambala ya senta ya MANEB, anati zikadali m'njira, pakadali pano ana amakalembera mayeso pa sukulu ina. Labotale inali kabati imodzi yokhoma. Mwana amene adzalembe ma practical a Biology, Chemistry ndi Physics sangakonzekere ndi kabati. Ndinathokoza n'kutsanzika.

Imene inanditenga mtima ili kunja kwa tauni pang'ono, ya atsikana okhaokha, yogonera konko, yoyendetsedwa ndi mpingo. Ukamafika sungatengeke nayo. Penti inasuluka, msewu wake ndi wafumbi, ndipo pamene minibasi imakutsitsa umakweranso kabaza. Mu ofesi muli tebulo lakale, kabati ya mafayilo ndi benchi. Koma pakhoma, pamene diso limayambira kugwera, anapachika satifiketi ya unduna, nambala ya senta, ndi chikalata chosonyeza kuti ali m'bungwe la sukulu zoima pazokha la ISAMA. Sindinachite kupempha kuti ndione.

Anatilandira ndi mayi wachikulire wa magalasi, kalaliki wa pasukulupo. Anandipatsa moni wa manja awiri, n'kutembenukira kwa mwana. "Nanga iwe mwanangu, phunziro lomwe umalikonda ndi liti?" Mwana wanga ndi wamanyazi, anayankha chapansipansi kuti sayansi. Mayiwo anaseka, n'kunena kuti ndiye akaone kaye labotale asanalembe chilichonse. M'maofesi ena aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana mwanayu kumaso, chonsecho wodzakhala pamenepo zaka zinayi ndi iyeyo.

Pepala la fizi anandipatsa ndisanalipire kalikonse. Linali tsamba limodzi lodindidwa chidindo cha sukulu, chilichonse pa mzere wake, pansi n'kuwonkhetsa K890,000 pa teremu, kuphatikizapo chakudya, chipatala ndi mayeso a pasukulu. Zogula padera anazilemba kuseri: matiresi, neti, ndowa, mbale ndi kapu, silasha, nsapato zakuda. Zofunika pobweza fomu anandiuziratu kuti ndisayende kawiri, zomwe ndi lipoti la Sitandade 8, nambala ya mayeso ya mwana, zithunzi ziwiri zazing'ono ndi kalata ya a hedi a ku pulayimale. Yunifomu anati nditha kugula nsalu ndekha ku Limbe n'kukasoketsa kwa telala wanga, bola mtundu ufanane, ndipo anatenga sizasi n'kundidulira kachidutswa ka nsaluyo kuti ndikafananizire. Ine amene ndimagwira nsalu tsiku ndi tsiku ndinadziwa pomwepo kuti andipulumutsira ndalama yooneka.

Ndinawafunsa chimene chinkandisowetsa tulo, choti fizi ikakwera pakati pa chaka zimayenda bwanji. Tonse tikukumbuka Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Anzanga ambiri mu msika anangolandira mauthenga pa foni akuti teremu ikubwerayi muwonjezere zakutizakuti, ena mpaka anachotsa ana pakati pa chaka. Mayiwo sanandinamize kuti fizi sikwera. Anati, "Amayi, chimanga chikakwera nafenso timakweza, koma komiti ya makolo imakhala kaye pansi, ndipo kalata timatulutsa kutatsala teremu yathunthu." Anandiuzanso kuti wolephera kulipira pakamodzi amasayina pepala logawa fizi katatu, ndipo mwana sakwezedwa minibasi yekha chifukwa cha ngongole, amayamba aimbira kholo.

Nditafunsa za zotsatira anaitana achiwiri kwa a hedi, amene anabwera ndi fayilo ya mapepala a ku MANEB. Anandionetsa JCE ndi MSCE za zaka zingapo, olephera omwe ali pomwepo. Chaka china masamu sanayende bwino, ndipo bambowo ananena poyera kuti mphunzitsi wawo analembedwa ntchito m'boma pakati pa chaka, wolowa m'malo mwake n'kuchedwa kupezeka. Munthu wondiuza zoona zotere pa tsiku loyamba ndinaona kuti ndingamukhulupirire akadzandiuza za mwana wanga. Anatembenukiranso kwa mwanayo n'kumukumbutsa kuti chibwerereni JCE mu 2021, wa Fomu 1 alibe nthawi yoseweretsa, pakutha pa zaka ziwiri zokha akumana ndi mayeso a boma.

Kenako a metroni anatiyendetsa. Ndinapempha kuona zimbudzi ndi khitchini, ndipo sanazengereze. Hositelo ndi yothinana. Mabedi osanjikiza anayandikana moti mwana wa pamwamba akatambasula dzanja agwira neti ya mnzake. Izi sizinandisangalatse, ndipo ndinawauza pomwepo. Zimbudzi zinali zoyera. Madzi akasiya m'mipopi pali mjigo mkati mwa mpanda, ndiye atsikana satuluka kukasaka madzi m'mudzi. Ku khitchini tinapeza nyemba zili pamoto, a metroni n'kunena kuti nyama ndi kamodzi pa sabata, masiku enawo ndi nyemba, soya, usipa ndi kabichi. Magetsi akazima, makalasi awiri okha ndi amene ali ndi sola, ana onse amaunjikana momwemo powerenga. Zonsezi ananena osakometsera.

Fomu yawo inali K15,000, ndi risiti. Mayeso olowera anayamba pa nthawi yake, mwana aliyense pa desiki, makolo atatitsegulira holo. Ena sanatengedwe, kuphatikizapo mwana wa mnzanga amene tinapitira limodzi, ndipo amake anauzidwa mwaulemu kuti chamugwetsa ndi Chingerezi, akamulimbikitse kuwerenga.

Zofooka zilipo ndithu, ndipo zina n'zotopetsa. Nambala ya foni imene analemba pa fomu siyankhidwa, imangoitana mpaka kudula. Kuti udziwe kanthu kakang'ono, monga ngati dzina latuluka kapena tsiku lotsegulira, umayenera kutseka geni, kukwera minibasi ndi kabaza kupita ndi kubwera. Kwa ife odya za tsikulo zimenezi zimapweteka. Kulipira nakonso n'kwa ku banki kokha. Airtel Money ndi Mpamba salandira, ndipo ngakhale utatumiza kuchokera ku akaunti yako pa foni, a bursar safuna uthenga, amafuna dipoziti silipi ya pepala. Sabata yotsegulira sukulu mzere wa ku banki ku Limbe umafika panja, ukachoka apo ukaimanso pa zenera la a bursar, amene amagwira okha. Agogo ena a ku Thyolo amene ndinaima nawo, olera mdzukulu wamasiye, anataya silipi m'minibasi. Mayi kalaliki aja analola mwanayo kulowa m'hositelo tsiku lomwelo, koma agogowo anabwererabe ku banki m'mawa mwake kukatenga umboni wina, ndi mwendo wawo wovutawo.

Mwana wanga tsopano ali Fomu 2, akukonzekera JCE. Fizi inakwera kamodzi, ndipo kalata inafika kutatsala teremu yathunthu monga anandilonjezera. Nkhani ya foni ndi ya Mpamba ndinaidzutsa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Makolo ambiri anaombera m'manja, a hedi analemba m'kope n'kunena kuti akaitula ku bodi. Teremu ino ndalipiranso ku banki, ndipo pa msonkhano ukubwerawu ndikaifunsanso.