Masters ya ku Lusaka kapena Nairobi, dipuloma ya ku UK, residency ya ku America: wazamankhwala wa m'chipatala asankhe iti?

Wazamankhwala amene watenga digiri yoyamba ku KUHeS, walembetsa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi azamankhwala, ndipo wakhala zaka ziwiri kapena zitatu pa zenera la famase, amafika podzifunsa kuti maphunziro apitirize kuti. Ambiri amalowera ku masters ya public health chifukwa ili pafupi ndipo mabungwe amaifuna. Ndi digiri yabwino ndithu, koma siphunzitsa munthu kuima pa bedi la wodwala n'kutsutsa mlingo umene dokotala walemba. Njira zimene tikuyerekeza pano ndi za amene akufuna ntchito ya mu wodi.

Ntchitoyo tiione kaye, chifukwa ndiyo muyeso wa maphunziro onsewa. Wodwala ali pa TLD, ma ARV ophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo wapezeka ndi TB. Rifampicin, mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuchotsa dolutegravir msanga, choncho pamafunika 50 mg ina ya dolutegravir patatha maola 12, ndipo imapitirira milungu iwiri rifampicin atatha. Yemweyo ngati impso zafooka, creatinine clearance, muyeso wa momwe impso zikusefera magazi, yatsika pansi pa 50, tenofovir sangapitirire momwe analili, ndipo wina ayenera kuwerengera nambalayo ndi fomula ya Cockcroft-Gault, osati kungoyang'ana creatinine n'kunena kuti ali bwino. Bedi lotsatira pali matenda oumitsa khosi a cryptococcus: liposomal amphotericin 10 mg pa kilo kamodzi kokha, flucytosine 100 mg pa kilo pa tsiku ndi fluconazole 1200 mg kwa masiku 14, kwinaku mukulondera potassium ndi magnesium. Ku wodi ya ana, wolemera pansi pa makilo 20 amafuna artesunate, mankhwala a malungo aakulu, 3 mg pa kilo, osati 2.4 ya akulu. Zonsezi zili m'mabuku, koma amazigwira msanga ndi munthu amene wazionapo kambirimbiri pa fayilo yeniyeni, pambali pake pali wina wodziwa womudzudzula akaphonya. N'chifukwa chake funso loyamba pa sukulu iliyonse likhale lakuti: ndidzakhala maola angati pa bedi, ndipo adzandiyang'anira ndani?

Pa muyeso umenewu, masters yochitira m'chipatala chophunzitsira cha m'maiko oyandikana nafe ndiyo ikutsogola kwa munthu amene adzabwerere ku Queens, ku KCH, ku Mzuzu, ku Zomba kapena ku chipatala cha pa boma. University of Zambia ili ndi masters ya clinical pharmacy ndipo ophunzira amalowa m'mawodi a chipatala chophunzitsira cha UTH ku Lusaka. University of Nairobi imaphunzitsira pa Kenyatta National Hospital, Muhimbili ku Dar es Salaam ili nayonso, ndipo ku South Africa kuli Sefako Makgatho ku Ga-Rankuwa, imene kale inali Medunsa, moyandikana ndi chipatala cha Dr George Mukhari. Maphunziro otere amatenga zaka ziwiri kapena zitatu. Mumayamba ndi m'kalasi, kenako mumazungulira mawodi a akulu, ana, azimayi oyembekezera, opaleshoni, khansa ndi ICU, n'kumaliza ndi kafukufuku. Ubwino wake waukulu ndi wakuti odwala ake ndi ngati athu: HIV, TB, malungo, shuga, BP, ndi mankhwala amene lero alipo mawa atha. Mumaphunzira zochita pamene labu singayeze gentamicin m'magazi, ndiponso kulankhula ndi dokotala amene walembera ceftriaxone aliyense wotentha thupi. Ku Lusaka kuli phindu lina limene anthu saliwerengera: odwala ambiri amalankhula Chinyanja, ndiye mbiri ya mankhwala mumaifunsa nokha popanda womasulira.

Zimene zimavuta m'njira imeneyi n'zodziwika. Aphunzitsi odziwadi ntchito ya mu wodi ndi ochepa, choncho wophunzira atha kutha mwezi wathunthu akungotsata madokotala pa raundi, wazamankhwala womuwongolera kulibe. Chachiwiri ndi kafukufuku: chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chikachedwa, kapena woyang'anira akatanganidwa, zaka ziwiri zimasanduka zinayi, pamene tchuthi cha maphunziro ndi ndalama za nyumba zinatha kale. Sankhani mutu umene ungathe ndi mafayilo a m'chipatala chomwecho, ndipo pempho la chilolezo lipite chaka choyamba chisanathe. Ku South Africa onjezerani miyezi ya mapepala, chifukwa digiri yanu iyenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, komanso South African Pharmacy Council iyenera kukudziwani musanakhudze ntchito ya odwala.

Za ku UK zilipo zamitundu iwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Imene inapatsa UK mbiri ndi dipuloma imene wazamankhwala woyamba kumene ntchito (band 6) m'zipatala za boma za NHS amachita ali pa ntchito, kawirikawiri zaka ziwiri, akusinthasintha mawodi, mphunzitsi wake ali m'chipatala momwemo ndipo amamuona akugwira ntchito. Ma credit 60 amapereka satifiketi, 120 dipuloma, 180 masters. Koma khomo lake ndi kulembetsa ku GPhC, bungwe lolembetsa azamankhwala ku Britain: chaka chimodzi cha OSPAP (maphunziro a azamankhwala ochokera kunja), milungu 52 ya foundation training, mayeso olembetsera, ndi kupeza 7 pa gawo lililonse la mayeso a Chingerezi a IELTS. Kwa anzathu amene akhazikika kale ku Britain, iyi ndiyo njira, palibenso chokambirana. Kwa amene ali kuno, ndi zaka zinayi kapena kuposerapo ndi ndalama zochuluka kwambiri.

Inayo ndi masters ya chaka chimodzi ya ochokera kunja, monga ya ku UCL ku London. Imalowa bwino mu sikolashipu ya Chevening, imene imafuna zaka ziwiri za ntchito, ya Commonwealth, ndi ya Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mudzaphunzira kuunika kafukufuku, kukonza ndondomeko za chipatala, ndi kuona famase yoyenda bwino momwe imaonekera. Koma poti simunalembetse ku GPhC, mu wodi mumakhala woonerera. Mudzabwera mukudziwa apixaban ndi kuyeza vancomycin m'magazi, n'kupeza kuti kuno nkhani ndi warfarin wa munthu amene ali pa rifampicin, INR wake, muyeso wa kuundana kwa magazi, akuyezedwa mwa apo ndi apo. Kwa amene adzatsogolere dipatimenti kapena kuphunzitsa, chaka chimenecho n'chaphindu. Kwa wofuna luso la pa bedi, n'chochepa.

Palinso kuphunzira pa intaneti muli pa ntchito, monga amachitira a Queen's University Belfast. Simusiya banja, malipiro sadukiza, ndipo fizi imalipidwa pang'onopang'ono, ngakhale ili ya mapaundi ndipo kwacha ikagwa imakwera pakati pa ulendo. Apa zonse zimadalira chipatala chanu. Ntchito zimene amapereka zimafuna odwala enieni, ndondomeko ya chisamaliro yolembedwa, ndi munthu wokuyang'anirani. Ngati tsiku lonse muli nokha pa zenera mzere uli mpaka panja, kapena muli m'sitolo kuwerenga makatoni ochokera ku CMST, nkhokwe yaikulu ya mankhwala a boma, mudzakhoza mayeso koma luso silidzabwera. Musanalipire kalikonse, pezani kalata ya mkulu wa chipatala yokupatsani m'mawa uwiri kapena utatu pa mlungu wa mu wodi, ndi dokotala mmodzi wovomera kuti muziyenda naye pa raundi.

Residency ya ku America, kunena zoona, ndiyo yozama kuposa zonsezi. Chaka choyamba, PGY1, ndi miyezi 12 ya ntchito yolipidwa pansi pa akatswiri, chachiwiri, PGY2, ndi miyezi 12 ina pa gawo limodzi monga khansa kapena ICU, ndipo bungwe la ASHP ndilo limavomereza mapulogalamu. Vuto ndi polowera. Muyenera satifiketi ya FPGEC ya ophunzira kunja, yochokera ku NABP (bungwe la makomiti olembetsa azamankhwala ku America), imene kwa omaliza kuyambira 2003 imafuna digiri ya zaka zisanu, komanso imafuna mayeso a Chingerezi a TOEFL, kenako maola a intanishipu, mayeso a laisensi a NAPLEX, mayeso a malamulo a dera limene mukupita, viza, ndi kupikisana mu Match, njira yogawira malo a residency, ndi amene anachita digiri ya famase ya PharmD komweko. Musanawononge ndalama, funsani NABP momwe adzawerengere zaka za digiri yanu, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Satifiketi ya ukatswiri ya ku America ya BCPS nayo si sukulu, ndi mayeso. Amalemba amene wachita PGY1 kapena wagwira zaka zitatu, theka la nthawiyo pa ntchito ya odwala, ndipo imakonzedwanso pa zaka 7 zilizonse. Imakwanira bwino pamwamba pa masters, osati m'malo mwake.

Chimene mapulogalamu ambiri a clinical amadutsa mothamanga ndi mbali ya famase ya chipatala yeniyeniyo: kuwerengera mankhwala ofunika pa chaka, kusunga za mu firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, kaundula wa morphine ndi pethidine, komiti ya mankhwala ya chipatala, ndi kusakaniza mankhwala a khansa mu kabati yoteteza wosakanizayo. Amene akuyang'ana ku chipatala cha khansa cha ku Lilongwe afunse mwachindunji ngati adzasakaniza ndi manja ake, kangati, ndipo adzamuyesa ndani.

Sukulu iliyonse ikupatseni ndondomeko ya mawodi yolembedwa, ndi milungu yake, ndi mayina a oyang'anira amene ali azamankhwala. Funsani kuti mwa amene analowa zaka zitatu zapitazo atsiriza ndi angati, ndipo mulankhule ndi mmodzi wa iwo, osati ofesi yolembetsa yokha. Onetsetsaninso ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndi ku PMRA kuti pepalalo adzalivomereza kuno, ndipo ngati muli m'boma, werengani mgwirizano wa tchuthi cha maphunziro kuti mudziwe zaka zimene mudzagwire pobweza musanasaine.