Fairfield kapena Brookland: kukaona kuti?

Midzi iwiriyi ili m'dambo la Romney Marsh ku Kent, kum'mwera chakum'mawa kwa England. Malowa anthu anachita kuwalanda kunyanja pomanga zipupa ndi kukumba ngalande, ndipo msipu wake ndi umene unatchukitsa nkhosa za mtundu wa Romney. Kale kunalinso malungo kumeneko, inde malungo omwewa timawadziwa ife.

Ku Fairfield mudzi weniweniwo unatha kalekale. Chatsala ndi tchalitchi cha St Thomas à Becket, chili chokhachokha pakati pa ngalande ndi nkhosa. Nthawi yozizira madzi ankachizinga moti opemphera ena ankafika pa bwato. Chinamangidwanso cha m'ma 1912. Kulibe sitolo, kulibe phokoso, mphepo yokha basi.

Brookland ndi mudzi wamoyo, ndipo ine ndingayambire kumeneko. Nsanja ya mabelu ya tchalitchi cha St Augustine ndi yamatabwa ndipo inaima payokha pansi, pambali pa tchalitchicho. Ambiri amati nthaka yofewa ya m'dambo sikanatha kusenza nsanja yamiyala. M'kati muli beseni la ubatizo la mtovu la zaka za m'ma 1100, lojambulidwa ntchito za miyezi yonse ya pachaka, monga kumweta udzu, kukolola ndi kupha nkhumba. Mu 1821 ozembetsa katundu a gulu la Aldington anamenyana ndi asilikali olondera gombe pafupi ndi mudziwu.

Wofuna chithunzi chokongola apite ku Fairfield madzulo. Mtunda wa pakati pake ndi waufupi, panjinga ungafike konse.